Tepi yomata paphewa la wodwala sitiroko: ikuthandizadi kapena tikungodzinamiza?

Wosamalira Bambo analemba:

Moni nonse. Funso langa likupita kwa amene munasamalirapo wodwala sitiroko, amene munadwalapo nokha, komanso a mafizo ngati muli muno.

Bambo anga ali ndi zaka 67. Anadwala sitiroko pafupifupi miyezi iwiri yapitayo, ndipo mbali imene inafooka ndi yakumanzere. Kulankhula amalankhula bwinobwino, mwinanso kuposa kale, koma mkono wamanzere uli lende, ulibe mphamvu ngakhale pang'ono. Mwendo ukuyesako. Akagwira ndodo, wina n'kuwaima pambali, amafika pakhomo n'kubwerera. Chimene chatisowetsa mtendere ndi phewa. Akakhala tsonga mkono uli wosatsamira paliponse, phewa lamanzere limaoneka lotsika kuposa linzake, ndipo pamwamba pake, pamene fupa la phewa lathera, pali kadzenje koti chala changa chimalowa. Masabata oyamba sankadandaula. Pano ayamba kubuula tikamawavula malaya, ndipo usiku akatembenukira mbali imeneyo amadzidzimuka.

Chinanso, mkonowo amauiwala. Ukawakhazika bwino, pilo pansi pa chigongono, ukangotuluka n'kubwera upeza mkono wagwa kale, ukulendewera pambali pa mpando, iwo ali phee akuonera TV. Nthawi zina dzanja amalikhalira osadziwa.

Sabata yatha mayi wa mafizo amene amawaona anawamata tepi yotanuka, yonga kansalu kokhala ndi guluu, ya buluu. Anadula timizere titatu, n'kutiyambitsa pakati pa mkono wakumtunda kukwera mpaka pamwamba pa phewa: kena kutsogolo, kena pakati, kena kumbuyo. Pomata anayamba wanyamula chigongono kuti mkono ukwere, kadzenje kaja n'kutsekeka. Anati ikhale masiku atatu kapena anayi, ndipo akhoza kusamba nayo. Bambo akuti ululu wachepa, ndipo n'zoona kuti usiku wotsatira anagona osatidzutsa.

Koma kunyumba kwabuka mkangano. Achimwene anga akuti zimenezi n'za osewera mpira, n'zokongoletsa chabe, kansalu sikanganyamule mkono wa munthu wamkulu. Azakhali, amene amatithandiza masana, ali mbali ina: akufuna tipeze mpukutu wathu tizimata tokha poonera pa YouTube, ndipo asakhale phewa lokha, koma dzanja, bondo ndi phazi lomwe. Ine ndili pakati, ndipo ndine amene ndimawasambitsa ndi kuwaveka, choncho chilichonse chikalakwika chigwera ine.

Ndiye ndifunse. Kodi tepi imeneyi imabwezeretsa fupa m'malo mwake, kapena imangochepetsa ululu? Ingathandize kuti mkono uyambe kugwira ntchito msanga? Tingamate tokha? Dzulo ndaona kuti pamapeto pa kamzere kakutsogolo, pafupi ndi chifuwa, khungu lafiira pang'ono, koma Bambo akuti sakumva kuyabwa. Ndichotse kapena ndidikire tsiku lopita kuchipatala? Ndipo musandiseke, koma Bambo andituma ndifunse ngati yakuda ili yamphamvu kuposa ya buluu, poti anaona wodwala mnzawo atamatidwa yakuda ndipo munthuyo amakweza mkono.

Mkono Wamanja analemba:

Achemwali, pepani ndi matendawa. Ine ndinadutsamo, yanga inagwira mbali yamanja, ndipo pano ndikulemba ndi dzanja lamanzere, ndiye mundikhululukire zikaphonyeka.

Achimwene anuwo auzeni kuti asanyoze chinthu chimene sanachimve pathupi pawo. Ululu wa phewa lolendewera suli ngati wa chilonda. Umakoka, usana ndi usiku, ndipo umakutopetsa moti a mafizo akabwera iwe umakhala utakana kale mumtima. Ine atandimata tepi, ululu sunathe, koma unatsika kufika poti ndinkalola kuti andigwire mkono. Chachiwiri, ndinkaimva ikukoka pakhungu, ndipo kukokako kunkandikumbutsa kuti mbali iyi kuli mkono. Munthu amene sanadwalepo sangamvetse kuti chiwalo chako chomwe ungachiiwale, koma zimachitika.

Komabe sindinganene kuti dzanja langa linabwerera chifukwa cha tepi. Linabwerera, mpaka pamene lafikapa, chifukwa chochita chinthu chimodzimodzi mobwerezabwereza mpaka kunyansidwa nacho: kukankha kansalu patebulo, kugwira kapu yopanda kanthu n'kuisiya, kutola mapegi. Zala zinachedwa kwambiri, ndipo mpaka lero mabatani ang'onoang'ono amandivuta.

Chimene ndikufuna muchigwiritse ndi ichi. Amene anandipweteka phewa kwambiri ndi anthu ondikonda. Aliyense wobwera kudzandizonda ankafuna kundithandiza kudzuka, ndipo ankagwira dzanja lodwalalo n'kukoka, kapena kulowetsa dzanja m'khwapa n'kunyamula. Ine pa nthawi imeneyo mawu ankandivuta, ndiye ndinkangolira mumtima. Bambo anu poti amalankhula, auzeni azikana. Inunso muziuza alendo asanakhale n'komwe pansi kuti mkono uwo sagwira.

Za mtundu, ine anandimatapo ya pinki, ndipo ndinachita nayo manyazi, koma inagwira ntchito chimodzimodzi.

Wamafizo analemba:

Mayi, mwafotokoza bwino kwambiri, moti ndikuwaona Bambo anu ngati ndili nawo. Koma sindinawagwire, choncho zimene ndilembe zisalowe m'malo mwa mawu a mnzanga amene akuwaona.

Ndiyambe ndi kadzenje kaja. Mfundo ya paphewa ndi yosiyana ndi ya m'chiuno. M'chiuno mutu wa fupa umalowa mozama m'dzenje lake. Paphewa, mutu wa fupa la mkono uli ngati mpira wokhazikidwa pakambale kakang'ono kosazama, ndipo chimene chimaugwira kuti usaterereke ndi minofu, makamaka umodzi wotchedwa supraspinatus umene uli pamwamba pa fupa lakumbuyo kwa phewa, ndi deltoid, mnofu waukulu uja wokuta phewa lonse. Sitiroko ikafooketsa minofu imeneyi, mkono umatsala ukulendewera pa minyewa ndi kathumba kokuta mfundo, ndipo izi zimatanuka pang'onopang'ono. Mkono si wopepuka ayi. Umalemera pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse a thupi, ndiye kwa munthu wa makilogalamu 70 tikunena makilogalamu oposa 3 akukoka tsiku lonse. Mutu wa fupa ukatsika, pakati pa iwo ndi nsonga ya phewa pamatsala mpata. Ife timautcha subluxation, ndipo timauyeza monga mwachitira inumo, ndi zala: theka la chala, chala chimodzi, zala ziwiri.

Tsopano, kodi tepi imabwezeretsa fupa? Apa achimwene anu ali ndi mfundo. Tepi imamatidwa pakhungu, ndipo khungu limaterereka pamwamba pa minofu. Ikangomatidwa kumene mpata uja ukhoza kuchepa, koma pakapita maola khungu limatanuka, tepi imalefuka, mkono n'kutsikanso. Malangizo a bungwe la Stroke Foundation la ku Australia, amene ambiri a ife timawawerenga, salimbikitsa kumata tepi pofuna kupewa kapena kuchepetsa subluxation. Koma malangizo omwewo amati tepi ikhoza kugwiritsidwa ntchito pochepetsa ululu wa phewa. Ndiye achimwene anu akulondola pa za fupa, Bambo anu akulondola pa za ululu. Ndipo dziwani kuti mpata ndi ululu siziyendera limodzi nthawi zonse. Ndaonapo anthu a mpata wa zala ziwiri osamva kanthu, ena opanda mpata koma akulira.

Ululu umachepa bwanji ngati fupa silinabwerere? Tepi imakoka ndi kukhudza khungu mosalekeza, ndipo uthenga wa kukhudzidwa ukamapita ku ubongo umaphimbako uthenga wa ululu, monga zimakhalira munthu akadzigunda n'kumasisita pamalopo. Imathandizanso zimene a Mkono Wamanja anena, kukumbutsa. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa Bambo anu. Kufooka kwa mbali yamanzere kumatanthauza kuti sitiroko inagwira mbali yamanja ya ubongo, ndipo anthu otere nthawi zambiri amanyalanyaza zonse zimene zili kumanzere kwawo, thupi lawo lomwe. Si mphwayi kapena kusasamala, ndi matendawo. Muwauze a mafizo za kukhalira dzanjako ngati simunawauze, chifukwa pali masewera ake apadera. Kunyumba muzikhala kumanzere kwawo mukamacheza nawo, kuti azitembenuza mutu.

Kodi ithandiza mkono kuyamba kugwira ntchito? Payokha ayi. Chimene chawonongeka chili mu ubongo, osati m'phewa, ndipo ubongo umaphunziranso pobwereza ntchito. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi itatu yoyambirira, n'kumapitirira pang'onopang'ono mpaka miyezi isanu ndi umodzi ndi kupyola apo. Bambo anu ali mkati mwa nyengo yabwinoyo. Phindu la tepi ndi lakuti munthu wopanda ululu amagona, ndipo amalola kuchita mafizo. Ine ndikaona kuti wodwala wayamba kukana kugwidwa mkono chifukwa cha ululu, ndimamata. Ndikaona kuti abale ayamba kudalira tepi n'kusiya masewera, ndimachotsa.

Pa za mpata weniweniwo, funsani ngati kuchipatala chanu kuli kamakina kamagetsi kogwedeza minofu, kamene amamata timapepala take pa supraspinatus ndi kumbuyo kwa deltoid. Umboni wake pa subluxation ndi wabwinopo kuposa wa tepi, makamaka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira.

Koma chachikulu chili m'manja mwanu, inu amene mumawaveka. Povala, mkono wodwala uziyamba kulowa m'malaya. Povula, uzikhala womaliza kutuluka. Mukamaunyamula, dzanja lanu limodzi likhale pansi pa chigongono, lina pa dzanja lawo, osaugwira kunsonga kokha. Musaukweze kupitirira msinkhu wa phewa pokhapokha a mafizo atakuonetsani mmene amatembenuzira mkono kuti chikhatho chiyang'ane kumwamba ndi mmene amayendetsera fupa lakumbuyo lija, apo ayi minofu imapanikizika pansi pa nsonga ya phewa. Zingwe zija zokoloweka pamwamba pa chitseko, zoti dzanja labwino lizikoka lodwala, zisalowe m'nyumba mwanu. Akakhala, mkono ukhale patebulo kapena papilo wokwanira kuti chigongono chikwere, osati pamwendo chabe. Akagona chammbali kumbali yabwino, mkono wodwala ukhale papilo kutsogolo kwawo. Kugonera mbali yodwala n'kololedwa, bola phewa likokeredwe kutsogolo pang'ono kuti asagonere pansonga pake penipeni. Nsalu yokolekera mkono m'khosi ndi ya poimirira ndi poyenda basi. Akamakhala nayo tsiku lonse, mkono umazolowera kupindikira pamimba ndipo phewa limauma.

Za kumata nokha, sindikukana kotheratu, koma osati mmene azakhali akufunira. Makanema ambiri a pa YouTube amaonetsa achinyamata a khungu lolimba ndi minofu yamoyo. Ngati mnzanga aona kuti tepi ikuthandiza, mupempheni akuphunzitseni pa Bambo anu enieniwo, mumate iye akuona, mujambule ndi foni. Pali tinthu ting'onoting'ono timene timasiyanitsa: khungu likhale loyera ndi louma, lopanda mafuta odzola, ngodya za tepi zidulidwe mozungulira kuti zisakodwe m'malaya, masentimita angapo a kumayambiriro ndi a kumapeto amatidwe osakoka n'komwe, pakati ikokedwe pang'ono, osati mpaka pomwe yathera, kenako isisitidwe kuti guluu wake agwire, poti amagwira ndi kutentha. Palinso tepi ina yolimba yosatanuka, imene imamatidwa pamwamba pa ina yofewa yoteteza khungu. Imeneyo imagwira mwamphamvu koma imavutanso khungu, ndipo musaiyese nokha.

Bambo muwauze kuti mtundu ndi utoto chabe. Mnzawo wa yakudayo amakweza mkono chifukwa sitiroko yake ndi ina.

Sindikhulupirira Msanga analemba:

Ine ndili mbali ya achimwene a Wosamalira Bambo. Tepi imeneyi anaiyambitsa Kenzo Kase, katswiri wowongola msana wa ku Japan, m'zaka za m'ma 1970, ndipo kwa zaka zambiri anthu ochuluka sankaidziwa. Inatchuka pa masewera a Olympic a ku Beijing mu 2008, kampani yake itagawira matimu kwaulere, dziko lonse n'kuona osewera atamata timizere tamitundumitundu pa TV. Kuyambira pamenepo ikumatidwa pa chilichonse. Ofufuza akayerekeza tepi yomatidwa motsatira malamulo ake ndi yongomatidwa wamba, kusiyana kumakhala kochepa. Munthu ukamuuza kuti ichi chikuthandiza, n'kumugwira mwachikondi kwa theka la ola, ululu umatsika ndithu. Ndiye kodi ndi tepi kapena ndi manja a mayi wa mafizoyo?

Mkono Wamanja analemba:

Achimwene, kaya ndi tepi kaya ndi manja, ine ndinagona. Manja a mafizo sankandiperekeza kunyumba.

Namwino Wopuma analemba:

Mwana wanga, onsewa akukangana za fupa, koma funso lanu lofulumira ndi la khungu lofiiralo, ndipo palibe wayankha. Chotsani lero. Musadikire tsiku la kuchipatala.

Mawu oti sakumva kuyabwa asakutonthozeni. Munthu amene amakhalira dzanja lake osadziwa sangakuuzeni kuti khungu likupsa. Mbali yodwala imakhala ndi dzanzi, ndiye maso anu ndiwo ayenera kugwira ntchito imene khungu lawo lasiya. Kutsogolo kwa phewa ndi chakukhwapa khungu ndi lopyapyala, ndipo la munthu wachikulire limang'ambika msanga. Kufiira kwa kumapeto kwa tepi kawirikawiri kumabwera pamene nsonga yake inakokedwa pomata, kapena pamene yanyowa n'kukhala osauma. Kukakhala kufiira paliponse pamene tepi inadutsa, ndi tizidzolo, ndiye kuti thupi lawo likudana ndi guluuyo.

Pochotsa musazule ngati pulasitala. Pakani mafuta a ana pamwamba pa tepiyo, dikirani mphindi zingapo kuti alowe, kenako muzisenda pang'onopang'ono motsatira kumene ubweya wagonera, tepi ili chogona pafupi ndi khungu, chala chanu china chikupanikiza khungu kumbuyo kwake. Mukatha sambitsani ndi kupukuta mosakhula. Kufiira kochepa kumazimirira pakapita maola. Kukafika mawa kukadalipo, kapena mukaona matuza kapena khungu losupuka, asamatidwenso mpaka pachire, ndipo akaone achipatala. Ulendo wina, a mafizo ayambe amata kachidutswa kakang'ono pamkono wabwino kwa maola 24 kuti muone ngati thupi likulandira. Pakati pa kumata kumodzi ndi kwina, khungu lipume tsiku lathunthu. Akasamba nayo, muziiumitsa poigunditsa thaulo mofatsa, osati ndi choumitsira tsitsi, chifukwa kutentha kumalimbitsa guluu n'kuvuta pochotsa.

Simunatiuze ngati Bambo ali ndi shuga, kapenanso mankhwala amene akumwa. Odwala sitiroko ambiri amakhala pa aspirin, clopidogrel kapena warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo otere akasupuka pang'ono magazi amachedwa kuleka, komanso amachita mikwingwirima msanga. A shuga chilonda chimachedwa kupola. Onsewa tepi siyoletsedwa, koma womata ayenera kudziwa. Pamene pali chilonda, zidzolo kapena khungu lotentha ndi lotupa, sipamatidwa.

Wosamalira Bambo analemba:

Zikomo nonse. Amayi a Namwino, ndachotsa monga munanenera, ndi mafuta. Pofiira paja panali potalika ngati chikhadabo, ndipo pofika madzulo panali patazimirira. Matuza palibe. Shuga alibe, koma aspirin amamwa, pamodzi ndi mankhwala a BP ndi a mafuta a m'magazi. Ndawatumizira a mafizo chithunzi ndipo ati tidikire, adzamata okha n'kusintha pamene kamzere kakutsogolo kamathera.

Achimwene ndawawerengera yankho la a Wamafizo, ndipo amva mbali imodzi yokha, yoti anali ndi mfundo. Ine chimene chandigwira mtima ndi cha alendo chija. Bambo ndi munthu wa anzake ambiri, ndipo aliyense akafika amafuna awaimiritse kuti aone mmene akupezera. Pano ndalemba kapepala n'kukamata pampando wawo, ndipo amene wakwiya akwiye.

Nditati ndione ngati kuchotsa tepi kwasintha kanthu, ndinawafunsa povula malaya usiku. Ati kukupweteka kuposa dzana, koma osati ngati kale tisanayambe kumata. Sindikudziwa ngati ndi chifukwa choti ndasintha kavulidwe, poti tsopano mkono wodwala ukumatuluka pomaliza.

Ndili ndi funso lina, ndipo ili ndi la azakhali koma nanenso ndikufuna kudziwa. Bambo akamayenda, zala za phazi lamanzere zimakwakwaza pansi, ndipo kuti asapunthwe amaponya mwendo chozungulira. Nsapato yatha kale kunsonga. Kodi apa tepi singathandize kukweza phazi? Komanso dzanja lamanzere limatupa madzulo, zala zimanenepa moti mphete tinachita kuivula ndi sopo. Azakhali anaona kanema wina akumata timizere tambirimbiri topyapyala kumbuyo kwa dzanja.

Wamafizo analemba:

Kuyesa kumene mwachitako ndi kwabwino, ndipo pitirizani. Muziwafunsa pa nthawi imodzimodzi, povula malaya, kuti ululu uli pati pakati pa 0 ndi 10, n'kulemba pambali ngati tsikulo anali ndi tepi kapena ayi. Pakatha masabata awiri kapena atatu pepalalo lidzayankha mkangano wa kunyumba kwanu kuposa ife tonse muno. Muzimvetseranso mtundu wa ululu. Ukakhala wobwera mkono ukagwedezeka, ndi wa m'phewa. Ukakhala wotentha ngati moto, wofalikira mkono wonse kapena mbali yonse, woti ngakhale chofunda chikakhudza amalira, umenewo ukhoza kuchokera mu ubongo mwenimweni, tepi siufika, ndipo dokotala ali ndi mankhwala ake.

Za phazi. Mnofu wokweza phazi uli kutsogolo kwa msongolo, dzina lake tibialis anterior. Phazi limagwa mnofu umenewu ukafooka, kapena katumba akauma n'kumakokera chidendene m'mwamba, ndipo mwa ambiri zimachitika zonse ziwiri. Ndimamata tepi pamenepo nthawi zina, koma pophunzitsa kuyenda, wodwala ali m'manja mwanga, ndipo kwa munthu amene mnofu wayamba kale kugwedezeka. Kwa munthu amene phazi likukwakwaza pa sitepe iliyonse, tepi yotanuka ndi yofooka kwambiri, ndipo choopsa n'chakuti amadzidalira n'kugwa. Kugwa kwa wodwala sitiroko kumakhala kumbali yofooka, kumene dzanja silingatchinge, ndipo chiuno chikathyoka zonse zimene mwalimbana nazo zimabwerera m'mbuyo. Chida chake chenicheni ndi AFO, chipulasitiki chopindika chimene chimayambira pansi pa phazi kukwera kumbuyo kwa katumba, cholowa mu nsapato. Pali zopangidwiratu ndi zoumbidwa pa mwendo wa munthuyo. Ngati vuto lalikulu ndi kuuma kwa katumba, pamafunika kuwongola tsiku ndi tsiku, ndipo ena amabayidwa botulinum toxin, imene imafewetsa mnofu kwa miyezi itatu kapena kuposerako pang'ono.

Pa mwendo pali chinthu chimodzi choti azakhali achimve bwino. Munthu amene sakuyenda kwambiri akhoza kuundana magazi m'mitsempha ya mkati mwa mwendo, zimene achipatala amati DVT. Katumba wa mbali imodzi akatupa, n'kutentha, n'kumapweteka, musamate kanthu ndipo musasisite. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo akayamba kubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa, nthawi yomweyo.

Dzanja limatupa chifukwa minofu imene imapopa madzi kubwerera kumtunda siikugwira ntchito, ndipo mkono ukumakhala ukulendewera. Timizere tija azakhali anaona tilipodi, timadulidwa topyapyala kuchokera pa tsinde limodzi n'kumatidwa mosakoka kwenikweni, ndipo ena timawachepetsako kutupa. Koma yambani ndi zosavuta: dzanja likhale pamwamba pa pilo mokwera kuposa chigongono, zala zitambasulidwe, muzizipinda ndi kuziwongola mofatsa kangapo patsiku, ndipo muzisisita mopepuka kuchokera kunsonga za zala kulowera kuchigongono. Mphete isabwererenso pakadali pano, wotchi ipite kudzanja lamanja. Mukaona kuti dzanja lotupalo likupweteka kwambiri, lasintha mtundu, likutentha kapena kutuluka thukuta mosiyana ndi linzake, pamene phewanso likupweteka, auzeni a dokotala msanga, chifukwa pali vuto lina logwira phewa ndi dzanja pamodzi limene limafuna mankhwala lisanakhazikike.

Akawapatsa AFO, muwapezere nsapato yokulirapo, ya zingwe kapena yomata, yotseguka bwino pakamwa, ndipo azivala sokosi yaitali yopanda makwinya mkati mwake. Masiku oyamba avale kwa ola limodzi kapena awiri okha, ndipo mukavula muziyang'ana chidendene ndi mafupa a m'mbali mwa kakolo. Pofiira pakakhala posazimirira patatha theka la ola, abwerere nayo akaikonze.